Matumba a Suti ya Aphunzitsi

Chaka chimene kunabwera lamulo loti bondo la mkazi lisamaoneke pamsewu, Che Dinala anatsala pang'ono kunyamula makina awo osokera n'kukawaponya mu Shire.

Munthuyu anali telala, koma mukanawatchula kuti telala basi, akanakuyang'anani ngati mwawaponda chala. Anakhala ku Bulawayo zaka khumi ndi chimodzi m'sitolo yosoka masuti. Anayamba ndi kusesa tinsalu pansi, kenaka kusokerera mabatani, mpaka anafika pogwira sizasi yaikulu imene mwini sitolo sankalola kuti wina aikhudze. Pobwerera kwawo ku Mangochi anabwera ndi makina akuda opalasa ndi mwendo, simbi ya makala, ndi mutu wodzaza majekete. Anapempha malo pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika, nakhala pansi kudikira anthu ofuna kutchena.

Anthu anabwera ndithu, koma anabwera ndi zigamba. Msodzi ankatula kabudula wong'ambika kumatako, wonunkha usipa, n'kunena kuti, "Fundi, tsekani apa." Wina malaya othothoka kola, wina thumba la ufa loti lisanduke chovala cha mwana. Zaka zinayi zinatha choncho. Kenaka linabwera lamulo lija, ndipo khonde linadzaza amayi ndi atsikana, aliyense diresi kumanja, aliyense mawu amodzimodzi: "Mundionjezere pansipa." Nsalu yofanana ndi diresilo inali yosowa, choncho fundi wa ku Bulawayo ankatenga kachidutswa kobiriwira n'kukalumikiza kunsi kwa diresi lachikasu, tsiku lonse, mpaka msana kuuma. Akatha amayi kunkabwera anyamata ndi mabuluku otambalala kumiyendo oti awachepetse, poti nawonso anali ataletsedwa.

Ndalama ya ndiwo siinkasowa, ndipo n'chimene chinkawapweteka kwambiri, chifukwa panalibe munthu wowamvera chisoni.

"Anzanu akulira kusowa ntchito, inu mukulira ntchito kuchuluka," ankatero akazi awo, Ajira, akabwera ndi chakudya cha masana. "Mulungu akupatseni chiyani kuti museke?"

"Iyi si ntchito, amake Awa. Uku n'kutseka maenje. Ine ndinapita ku Bulawayo kukaphunzira kubisa maondo?"

"Maondowo ndi amene akukudyetsani."

Che Dinala ankangotsonya n'kupalasa makina mwaukali mpaka ulusi kuduka.

Amene anawatchera khutu anali mlamu wawo Che Wadi, mchimwene wa Ajira, amene ankagula nsomba zouma m'magombe n'kukagulitsa ku Limbe pa lole. Anali munthu wa mimba yaikulu ndi mawu ofewa, ndipo ankakonda kukhala pa benchi ya makasitomala ngati nawonso ali ndi diresi loti litalikitsidwe.

"Alamu, mukudzizunziranji? Usipa suvala diresi. Umaugula, umaulonga m'dengu, umakautula ku Limbe, basi. Ndipatseni makinawa ndikakugulitsireni, zimene zitulukepo mulowe nazo m'malonda anga. Mudzanenepa ngati ine."

Kawiri konse Che Dinala anakana. Kachitatu, tsiku limene mayi wina anabweza diresi ponena kuti bondo likumasuzumirabe akakhala pansi, anavomera. Anapangana kuti Che Wadi akadzabweranso ndi lole, makina adzakwera. Anavomera ndi pakamwa pokha, mtima ukuwawa, koma anali atatopa, ndipo munthu wotopa sasankha pogona.

Patapita masiku awiri panafika aphunzitsi a Rowland ndi phukusi la pepala kukhwapa. Anali a mpingo wa Angilikani, kwawo ku Nkope, koma atapuma ntchito anamanga nyumba ku Mangochi komweko, kuseri kwa msika. Anali aatali, owonda, ndipo tauni yonse inkawadziwira jekete lawo la kaki. Jeketelo linali nyumba yawo yachiwiri. M'matumba mwake munkakhala makiyi, magalasi, mpango, kabuku ka mapemphero, mtedza wokazinga, ndi choko, ngakhale kuti bolodi anali atalisiya kalekale. Akamabwera makiyi ankayamba kumveka eni ake asanaoneke.

Anamasula phukusi lija pa benchi. Munali nsalu ya ubweya, yotuwa moderako, ya timizere tating'ono toyera. Che Dinala anayamba apukuta manja pa malaya awo asanaigwire. Anaisisita, anaipinda pa chala, kenaka anainunkhiza osasamala kuti anthu akuona.

"Wanditumizira mwana wanga amene ali kumigodi ku Joni," anatero aphunzitsi. "Mlongo wake Lena akukwatiwa Loweruka la sabata yachitatu, kutchalitchi kwathu ku Nkope. Wokamupereka paguwa ndine. Akuti ndisakaime pamaso pa wansembe ndi kaki uyu. Mungathe, Che Dinala?"

Linali funso lachipongwe, koma tsiku limenelo analikhululukira.

"Aphunzitsi, imani mowongoka."

Anawayesa pachifuwa, m'chiuno, kumsana, mikono, n'kubwereranso kumapewa kachiwiri. "Phewa lakumanjali n'lotsika pang'ono. Mwakhala mukunyamula mabuku mbali imodzi."

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mwadziwa bwanji?"

"Tepi siinama."

Tsiku lomwelo anatumiza mawu kwa Che Wadi kuti lole idikire mpaka Lolemba la pambuyo pa ukwati. Anati asiye ntchito atasokako chinthu chimodzi choti anthu a ku Mangochi adzakumbukire kuti pakhonde paja panakhalapo munthu.

Masabata atatu amenewo Che Dinala anali munthu wina. Ankafika wosesa mumsika asanayambe, n'kuyala nsalu pa tebulo limene anachita kubwereka kwa mwini sitolo. Tsiku loyamba sanadule kanthu. Anangoiwaza madzi, kuisita, n'kuisiya kuti ipume, chifukwa nsalu ya ubweya ukaidula isanamwe madzi imadzakuchititsa manyazi ikadzanyowa koyamba. Tsiku lachiwiri analemba ndi choko, kufufuta, kulembanso. Lachitatu anati Bisimila, nalowetsa sizasi. Kulira kwa sizasi ikamadya nsalu yeniyeni kunawalengetsa misozi, moti anachita kunamizira utsi wa makala a m'simbi.

M'kati mwa jekete, pachifuwa, mumakhala nsalu ina yolimba imene wovalayo saiona moyo wake wonse. Imeneyo anaisoka ndi manja, timisoko ting'onoting'ono tosawerengeka, akuipinda pa chala kuti kola idzagone yokha popanda kuikakamiza. Phewa lakumanja analiikira thonje lochulukirapo. Mizere ya nsalu anaikumanitsa pamsana, pamatumba, ngakhale kukhwapa kumene palibe amayang'anako. Ankang'ung'udza nyimbo za Chindebele zimene tanthauzo lake anali ataliiwala. Ajira ankachita kuwakumbutsa kuti anthu amadya. Anali okondwa, okondwa kwenikweni, koyamba chibwerere kuchokera ku Bulawayo.

Amene sanakondwe ndi amayi a madiresi, chifukwa onse ankauzidwa kuti abwere sabata yamawa. Mtsikana wina wogulitsa tomato mumsika, dzina lake Keti, anabwera kawiri ndi diresi lake lofiira.

"Fundi, lotulukira ndi lokhali. Si ntchito yaitali."

"Mwana iwe, ukuchiona chimene chili patebulopa? Manja amene agwira ichi sangagwire mpendero lero. Ubavala chitenje pamwamba."

Keti anapinda diresi lake n'kubwerera ku tomato wake.

Lachitatu la sabata yomaliza aphunzitsi anabwera kudzayesa. Jekete linakhala pathupi pawo ngati anabadwa nalo. Anthu odutsa anaima, mwini sitolo anatuluka ndi sikelo m'manja, ndipo mayi wina wogulitsa makala anawomba m'manja payekha. Che Dinala anawazungulira aphunzitsiwo kawiri kufunafuna cholakwika, osachipeza. Ndiye aphunzitsi, mosaganiza n'komwe, anatola makiyi awo, magalasi, kabuku kaja ndi mtedza wodzaza dzanja, n'kuyamba kulonga m'matumba a jekete latsopanolo. Jekete linapendekeka. Pachifuwa panatupa, m'chiuno munatuluka zotupa ziwiri, ndipo phewa lija Che Dinala analivutikira masiku anayi linatsikanso.

"Aphunzitsi, jekete si dengu."

"Nanga matumba munaikiranji?" anayankha akuseka.

Che Dinala sanaseke. Anaona m'maganizo mwawo tchalitchi chodzaza anthu a ku Nkope, ena ochokera ku Monkey Bay ndi ku Zomba, onse akuyang'ana suti yawo itatupa mtedza.

Ku Bulawayo kunali mwambo wake. Suti yatsopano inkatuluka m'sitolo matumba ake atatsekedwa ndi kaulusi kofewa, kuti isapindike isanafike kwa mwini wake. Kumeneko aliyense wogula suti ankadziwa zimenezo, ndipo akafika kunyumba ankangokoka kaulusiko ndi chikhadabo. Che Dinala anaukumbukira mwambowo, koma anaukometsa. Aphunzitsi atachoka, anatseka matumba onse, a kunja, la m'kati, ngakhale a buluku, ndipo sanatseke ndi kaulusi kofewa ayi. Anaphatikiza ulusi wolimba pawiri, n'kusoka timisoko tobisika toti chikhadabo sichingatipeze. Ukwati ukadzatha, anaganiza choncho, adzawatsegulira okha ndi lezala, kenaka alongemo ngakhale maungu. Tsiku limodzi lokha suti ioneke mmene anaisokera.

Kuwauza sanawauze, podziwa kuti akana. Lachinayi anaikulunga bwino m'pepala, naipereka kwa aphunzitsi n'kunena kuti, "Musaitulutse mpaka m'mawa wa tsiku lake. Kuno n'kwa fumbi."

Lachisanu atatuluka mu mzikiti, iwo ndi Ajira anakwera njinga kupita ku Lungwena, kumene kunali sadaka yokumbukira malemu malume awo. Loweruka lonse anakhala pamphasa pakati pa abale, mashehe akuwerenga, iwo mutu uli ku Nkope. Dzuwa litakwera ankati m'mtima, pano akulowa m'tchalitchi, pano anthu akutembenuka, pano wina akufunsa mnzake kuti suti imeneyi yachokera ku Joni kodi. Msuweni wawo anachita kuwagwedeza ndi chigongono chifukwa ankamwetulira pa mwambo wa maliro.

Lolemba m'mawa anali pakhonde, atakonzeka kulandira matamando. Makiyi anamveka. Aphunzitsi a Rowland anatulukira atavala kaki wawo, phukusi la pepala lija kukhwapa. Sanapereke moni. Anakhala pa benchi, naika phukusi pambali, n'kuyamba kulankhula ndi mawu otsika, ngati akuphunzitsa mwana wosamva msanga.

"Che Dinala, ndikuuzeni mmene ndayendera. Mayi a kunyumba anatsogola Lachinayi kukathandiza zophika. Ine Loweruka ndinalawirira, ndinasamba, ndinavala suti yanu. Nditadziona pagalasi, sindinama, ndinadzipatsa moni. Kenaka ndinatenga makiyi kuti ndiike m'thumba. Thumba palibe. Ndinayesa lina, palibe. Ndinayesa ndi chala, ndinayesa ndi kiyi, ulusi wanu osaduka. Ndinaopa kung'amba nsalu, ndipo basi ya ku Monkey Bay mukuidziwa, ndi imodzi pa tsiku. Makiyi ndinasiya kwa oyandikana nawo nyumba, ya basi ndinafumbata m'mpango, n'kuthamanga."

Che Dinala anatsegula pakamwa, koma aphunzitsi anakweza chala.

"Khadi langa la chipani limakhala umu." Anagwira pachifuwa pa kaki. "Chaka chonse silituluka. Munthu sakumbukira chinthu chimene sichinamusowepo. Nditafika pa siteji ndinapeza anyamata achipani ataima pakhomo la basi. Akuti, khadi bambo. Dzanja langa linapita lokha pachifuwa, n'kutsetsereka mpaka pamimba. Mkulu wawo, mwana wachilendo amene sindinamuphunzitsepo, anandiyang'ana kuyambira kukola mpaka kunsapato. Akuti, suti mwaikwanitsa, khadi lakukanikani?"

Ajira anali atafika ndi tiyi m'botolo, ndipo anaima pa mzati wa khonde osayandikira.

"Ndinati khadi lili kunyumba, tiyeni tikatenge, si patali. Akuti gulani lina pompano. Ndinati ndili ndi ya basi yokha, komanso ine sindigula chinthu chimodzi kawiri. Pamenepo ndiye ndinalakwa. Akuti awa ndi aja okana makhadi, amabisala m'masuti. Anandikhazika pansi, padothi, padzuwa, pamodzi ndi anthu ena asanu. Pambali panga panali mtsikana wa diresi lofiira. Chitenje chinamumasuka pokweza dengu la tomato, maondo n'kuonekera. Akuti anabwera pano kawiri, munamubweza."

Che Dinala anayang'ana pansi.

"Basi inanyamuka ndikuiona. Kenaka anatiuza kuti tizinjuta ndi kudzuka, kunjuta ndi kudzuka, tikuimba. Ine, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, ana amene ndinawaphunzitsa kulemba dzina akudutsa n'kumayang'ana kumbali."

Apa tinene zoona, ngakhale n'zochititsa manyazi. Atamva za kunjuta, maso a Che Dinala anapita okha pa phukusi, pamene buluku linkasuzumira pang'ono. Maondo anali ofiira ndi dothi, koma msoko wa pakati unali chigwirire, sunatseguke ngakhale pang'ono. Kamtima kena kopusa kanasangalala m'kati mwawo, ndipo nthawi yomweyo anadzida.

"Cha m'ma thu koloko anandiperekeza kunyumba. Ndinatulutsa khadi m'kaki uyu. Analiyang'ana, akuti, muziyenda nalo madala. Basi, nkhani yatha. Ndinapeza lole ya chimanga, ndinakwera pamwamba pa matumba. Ku Nkope ndinafika anthu akutsuka miphika. Anamupereka paguwa ndi mng'ono wanga, atadikira mpaka wansembe kutopa. Lena atandiona anabwera, anandigwira dzanja, akuti, bambo mwatchena. Kenaka analira."

Mwini sitolo ankamvetsera ali kuseri kwa chitseko.

"Aphunzitsi, ndalakwa," anatero Che Dinala. "Ku Bulawayo timatseka matumba kuti suti isapindike. Ndimati ukwati ukatha..."

"Kuno si ku Bulawayo. Kuno munthu amayenda ndi khadi."

"Ndipatseni, nditsegule pompano. Lezala ili apa. Dothili ndilichotsa, ndiisita, ibwerera mwakale. Palibe adzadziwe."

"Mwana wanga akwatiwanso kachiwiri?"



Aphunzitsi anaimirira, nakankhira phukusi lija kumene kunali makina. "Sindidzaivalanso. Ndikaiona ndikumva nyimbo ija. Koma nsalu anaivutikira mwana wanga pansi pa nthaka, siingawolere m'bokosi. Kunyumba kuli adzukulu anga awiri. Muidule, muwasokere makabudula."

"Aphunzitsi, suti iyi..."

"Makabudula awiri, Che Dinala. Kaya mukana, mundiuze ndipite nayo kwa telala wina."

Anatsika pakhonde, makiyi akulira mpaka anakhota kuseri kwa msika.

Che Dinala anamasula phukusi n'kuyala jekete pa tebulo. Ngakhale linali ndi fumbi la chimanga kumsana, kola inali chigonere mmene anaigonekera. M'moyo wawo wonse sanasokepo chinthu chokongola chotero, ndipo ankadziwa kuti nsalu yotere siidzabweranso pakhonde limenelo.

Ajira anaika botolo la tiyi pansi. "Bambo a Awa, suti imeneyi munkasokera ndani?"

Che Dinala yankho ankalidziwa. Anasokera iwo eni. Aphunzitsi anangokhala chopachikapo. Anawayesa mapewa mpaka kudziwa mbali imene ankanyamulira mabuku, koma sanadzifunse kuti munthu wa ku Mangochi akamatuluka m'nyumba amayenera kunyamula chiyani kuti akafike kumene akupita.

Dzuwa litafika pamutu lole ya Che Wadi inaima pamsewu, fungo la utaka litatsogola. Nkhani anali ataimva kale, poti ku Mangochi nkhani siikwera basi.

"Mwaona alamu? Ndinanena ine. Ntchito yanuyi ukaigwira moipa akutukwana, ukaigwira bwino akutukwanabe. Tiyeni tikweze makinawa. Ku Limbe kulibe amene akudziwa za matumba."

Mawu omalizawo anawakomera Che Dinala. Kuchoka, osadzaonanso kaki wa aphunzitsi, osadzakumananso ndi Keti pa tomato, osadzagwiranso mpendero wa munthu. Anawerama, nachotsa lamba pa gudumu la makina, n'kuyamba kumasula mabawuti. Kenaka maso awo anagwera pa tebulo.

"Nanga suti iyi?" anafunsa Che Dinala.

"Mlongo wanga akaipereka kwa telala wa kuseri kwa chigayo uja. Makabudula a ana ndi ntchito? Aliyense angathe."

Telala wa kuseri kwa chigayo Che Dinala ankamudziwa. Anali munthu wodula nsalu ngati akudula fodya, woti mizere mwendo wina idzaloza kumwamba, mwendo wina kunyanja.

"Ubweya uwu umayabwa," anatero Che Dinala. "Uja sadzaika nsalu yofewa m'kati."

"Ndiye?"

"Ndiye ana azidzadzikanda m'kalasi."

Che Wadi anaseka mpaka mimba kugwedera. "Alamu, munthu wakuchititsani manyazi pamaso pa msika wonse, inu mukudandaula ntchafu za adzukulu ake?"

"Wachititsa mnzake manyazi ndine." Anamanganso bawuti imene anamasula, nabwezera lamba pa gudumu. "Pitani, alamu. Lole ikudya mafuta."

"Sindidzakufunsaninso. Mudzafera pakhonde pano, maondo a akazi a eni ali pamphuno."

"Ndikudziwa."

Lole inanyamuka, n'kuwasiyira utsi. Musaganize kuti Che Dinala anamva kupepuka. Anapsa mtima ndi mlamu wawo, ndi makina, ndi anyamata a pa siteji amene sakanatha kuwatchula mokweza, ndipo koposa onse anapsa mtima ndi iwo eni, chifukwa anazindikira kuti ntchitoyi inawagwira pakhosi ndipo siidzawasiya. Mawa kudzabwera madiresi, mkuja zigamba, mpaka maso adzachite khungu.

Anatenga lezala n'kuyamba kuphwasula jekete. Kudula ndi sizasi kukanafulumira, koma kukanawononga nsalu, choncho anamasula msoko uliwonse paokha. Anachotsa mikono, anachotsa kola, anatulutsa thonje la phewa lakumanja n'kuliika pambali. Atafika pa nsalu yolimba ya pachifuwa ija, timisoko tawo ta manja tinaonekera poyera koyamba, mizere yake yowongoka, ndipo anatidula kamodzikamodzi, mano ali chilumire. Ntchito ya masabata atatu inatha kuphwasuka dzuwa lisanapendeke kwenikweni.

Anasita zidutswazo n'kuziyala. Msana wa jekete unali wokwanira kumbuyo kwa kabudula mmodzi. Miyendo ya buluku, akapewa pa maondo pamene panalowa dothi, ikanatulutsa winayo. Nsalu yoterera ya m'kati ikanakwana onse awiri. Anadzipeza akutembenuza chidutswa china kuti mizere ikumane, akung'ung'udza, ndipo anasiya msanga poona kuti Ajira akuwayang'ana. Zinawanyansa kuti mtima ungayambe kukhazikika pa tsiku loterolo, koma unali kukhazikika ndithu.

Anatola choko kuti alembe, dzanja n'kuima m'malere. Adzukuluwo sankawadziwa msinkhu. Telala aliyense akanangoyerekeza, wina wa zaka zisanu ndi ziwiri, wina wokulirapo, n'kusiya mpata woti akuliremo. Anaika choko pansi, nakoleka tepi m'khosi.

"Mukupita kuti?" anafunsa Ajira.

"Kwa aphunzitsi. Ndikawayese anawo, ndikafunsenso zimene amanyamula popita kusukulu."

"Lero lomwe? Akakupirikitsani."

"Akandipirikitsa ndibwereranso mawa. Ukamuona Keti umuuze abwere nalo diresi lija."

Anatsika pakhonde, nadutsa pakati pa msika anthu akuwayang'ana ndi kunong'onezana, mpaka anafika pa mpanda wa aphunzitsi. Anaima pachipata kanthawi ndithu, kenaka anaodira.